Bungwe likufuna kusindikiza nthano za agogo athu, tivomere?

NaPhiri (Dedza): Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru zanu. Ku laibulale yathu ya m'mudzi timaitana agogo Loweruka masana kudzafotokozera ana nthano. Tinayamba kujambula mawu awo pa foni, atsikana awiri a Fomu 3 n'kumalemba, ana a pulayimale n'kumajambula zithunzi ndi makrayoni. Pano zakwana kabuku. Zina tinaziika pa tsamba lathu la Facebook, anthu azikonda kwambiri. Ndiye sabata ino bungwe lina lothandiza sukulu za mmera mpoyamba laimba foni, likufuna kusindikiza nthanozo n'kukagawa m'maboma ena. Komiti yathu yagawikana pawiri. Ena akuti tivomere, ena akuti akufuna kutidyera masuku pamutu. Tipange bwanji? Komanso mwini wake wa zinthu zimenezi ndani, agogo, ana kapena laibulale?

Malume a ku Limbe: Kkkk amayi, chinthu mukachiika pa Facebook ndiye kuti mwagawa kale. Iwowa angokulemekezani pokuimbirani foni, ena akanangotenga osanena.

Achimwene a ku Zomba: Ayi malume, pamenepo musawasocheretse. Kuika chinthu pa Facebook sikuchotsa umwini. Mumangopatsa kampaniyo chilolezo chosunga ndi kuonetsa chinthucho, monga mwa malamulo aja timavomera osawerenga potsegula akaunti. Munthu wina aliyense akafuna kusindikiza ayenera kupempha. Lamulo lathu la umwini wa zolembalemba ndi zaluso la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989, limateteza ntchito kungoyambira pamene yapangidwa. Simufunika kukalembetsa kaye kuti ikhale yanu.

Koma funso la mayi Phiri ndi lolemera kuposa mmene likuonekera, chifukwa m'kabuku kameneko muli eni ake angapo. Zithunzi ndi za ana amene anajambula. Mawu olembedwawo muli dzanja la atsikana aja. Mawu ojambulidwa pa foni ndi a agogo, ndipo iwonso ali ndi chonena pa kagwiritsidwe ntchito kake. Kenako pali nthano yeniyeniyo, ya Kalulu ndi Fisi kapena ya Kamdothi, yomwe palibe munthu mmodzi angati anaipeka ndi iye. Lamulo limati zinthu za makolo zotere, nthano, nyimbo, magule, umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo sutha ntchito. Wofuna kuchita nazo malonda amayenera kupempha chilolezo. Pa mbali imeneyi ndi bwino mufunse a COSOMA, bungwe loona za umwini wa zolembalemba ndi zaluso, ndiwo amayendetsa nkhani zimenezi kuyambira 1992.

NaPhiri (Dedza): Eee, ndiye zachuluka. Ine ndimaganiza kuti poti pepala ndi makrayoni tinagula ndife, zonse ndi za laibulale.

Achimwene a ku Zomba: Ambiri amaganiza choncho amayi. Kugula pepala sikupereka umwini wa chojambulidwa papepalapo. Poti ojambulawo ndi ana, mufunika makolo awo asaine kakalata kovomereza. Agogo nawonso awerengeredwe kalatayo m'Chichewa chomveka, adinde chala ngati salemba. Mukatero m'pamene laibulale ingayankhe bungwelo ndi mtima umodzi.

Tsono langizo langa ndi ili. M'malo moyankha bungwe limodzi lero, lina mawa, lina mkuja, ganizirani zoika chilolezo chotseguka pa kabukuko, cha Creative Commons. Ndi mawu achidule amene mumalemba kutsamba loyamba, ouza aliyense zimene akuloledwa kuchita popanda kukuimbirani foni. Zilolezozi zinayamba kutuluka mu December 2002 ku America, ndipo zomwe zikugwira ntchito pano ndi za mtundu wa 4.0 wa 2013, womwe unalembedwa kuti uzigwira m'maiko onse. Umwini umakhalabe wanu. Zilembo zake n'zinayi basi. BY ndiye kuti wogwiritsa ntchito atchule eni ake. SA ndiye kuti akasintha, chatsopanocho achitulutsenso pa chilolezo chomwecho. NC ikuletsa malonda. ND ikuletsa kugawa chosinthidwa. Mukaziphatikiza zimatuluka zilolezo zisanu ndi chimodzi.

Aphunzitsi opuma (Kasungu): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndilankhulepo. Ine ndaphunzitsa Chichewa mpaka kupuma, ndipo ndinalembako kabuku ka miyambi ndi zining'a. Ndinakasindikiza ndi ndalama za penshoni. Pasanathe nthawi ndinakapeza kakuyenda m'mafoni a ana asukulu, wina atakajambula tsamba ndi tsamba. Makatoni ake ali kuchipinda mpaka lero. Ndiye inu achimwene mukubwera ndi nzeru yoti tizilemba tokha pachikuto kuti tengani? Olemba Chichewa ndife ochepa kale. Mukufuna tidye chiyani?

Achimwene a ku Zomba: Pepani aphunzitsi, zimene zinakuchitikiranizo ndi kuba, palibe dzina lina. Ndipo sindikunena kuti wolemba aliyense atsegule buku lake. Munthu amene akuyembekeza kubweza ndalama zake pogulitsa asakakamizidwe ndi wina aliyense, kaya ndi bungwe kaya ndi ife a malaibulale. Koma taonani kusiyana kwake. Kabuku ka mayi Phiri sikanalembedwe kuti kagulitsidwe. Kanalembedwa kuti ana awerenge. Ngati cholinga ndi chimenecho, chotchinga chilichonse chimene aika chikulimbana ndi cholinga chawo chomwe.

Malume a ku Limbe: Poti tikukamba za mabuku, nali buku la Biology la Fomu 4 la PDF, amene ali ndi ana a MSCE atenge.

Adimini: Malume ndachotsa. Mwangomva kumene dandaulo la aphunzitsi, inu n'kuponya buku la eni ake pomwepo? Gulu lino ndi la osunga mabuku, tisamachite manyazi otere. Chenjezo lomaliza.

Malume a ku Limbe: Chabwino bwana, ndamva. Koma tinene zoona, kusukulu zina buku limodzi amalimbirana ana kalasi yonse. Mwana atani?

Adimini: Vutolo ndi lenileni ndipo tonse tikulidziwa. Koma tikambirane za mabuku amene eni ake analola, alipo ambiri.

Achemwali a ku Joni: Ndilowepo pamenepo. Ine ana anga anabadwira kuno ku Johannesburg, Chichewa amachimva koma kuwerenga kunkawavuta. Chomwe chinandithandiza ndi African Storybook. Anaiyambitsa ndi a bungwe la Saide la konkuno mu 2014, muli timabuku ta ana m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chilimo. Timabuku timeneti tili pa zilolezo za Creative Commons. Mumatha kutsitsa, kusindikiza, ngakhale kumasulira nokha pa tsamba lomwelo. Ine ndinatenga kankhani kolembedwa m'Chizulu, ndinakatembenuza m'Chichewa usiku umodzi ana atagona, zithunzi zake zomwezo.

Palinso Book Dash, nayonso ya 2014. Iwowa amasonkhanitsa wolemba, wojambula ndi wokonza masamba, onse odzipereka, n'kupanga buku lathunthu m'maola 12. Mabuku awo onse ali pa CC BY, chilolezo cha Creative Commons cha BY yokha, ndipo amaika poyera ngakhale mafayilo osindikizira. N'chifukwa chake mabuku awo amapezeka m'maiko oti eni akewo sanapondeko. Ku India kuli StoryWeaver ya Pratham Books, inayamba 2015, nayonso chimodzimodzi. Chimene chimandiwawa n'choti nkhani zambiri za m'Chichewa zomwe ndimapeza ndi zomasuliridwa kuchokera kwina. Zochokera kwathu kwenikweni, zotchula nkhwani ndi chigayo ndi dambwe, n'zochepa. Ndiye mayi Phiri muli ndi chinthu chimene ife kuno tikuchisowa.

Aphunzitsi opuma (Kasungu): Dambwe mwatchulalo ndi lomwe ndimafuna kufikapo. Mayi Phiri ali ku Dedza. Si zonse zimene agogo amanena zili zoyenera kuulutsidwa. Pali nyimbo za kuchinamwali, pali za kudambwe, zomwe zili ndi eni ake ndi nthawi yake. Gogo akhoza kutengeka poona ana akumvetsera, n'kuimba kanyimbo koti sikayenera kutuluka m'mudzi. Gule Wamkulu a UNESCO anamuzindikira mu 2005, dziko lonse likumudziwa, koma zimenezo sizinatsegule zinsinsi zake. Mukaika pa chilolezo chanucho, munthu wa ku London akhoza kuchitenga n'kuchiika m'katuni. Mudzawauza chiyani a gulupu?

Achimwene a ku Zomba: Apa aphunzitsi mwalasa, ndipo ndionjezere chinthu chimene anthu okopa anzawo ku zilolezozi sakonda kunena msanga. Chilolezo cha Creative Commons sichibwezedwa. Mukhoza kuchotsa bukulo pa intaneti mawa, koma amene anatenga kale ali ndi ufulu wopitiriza kuligwiritsa ntchito pa mfundo zomwe zija. Choncho kusankha kuchitike musanatulutse. Khalani pansi ndi agogowo komanso amfumu, muwerenge nthano imodzi imodzi. Yokayikitsa ikhale m'kabati ya laibulale, kapena isalembedwe n'komwe ngati eni ake atero.

NaPhiri (Dedza): Zimenezo zilipodi. Pali nyimbo ina agogo ena anaimba, anzawo anawadzudzula pomwepo. Sitinailembe koma ili mu foni.

Aphunzitsi opuma (Kasungu): Ifufuteni amayi, kapena mukawafunse eni ake chochita nayo. Mafoni amabedwa.

Bambo a ku Chipata: Muli bwanji abale a ku Malawi. Ine ndine mphunzitsi kuno ku Eastern Province, ndimasunganso kalaibulale ka sukulu. Pempho langa kwa amayi a ku Dedza ndi lakuti ngati mutsegula, musaikepo ND ija. Ana athu kuno amaphunzira Cinyanja, nthano zanu adzazimva bwinobwino, koma kalembedwe kathu kamasiyana. Inu mumalemba "chinthu", ife "cinthu". Mwana wa Giredi 1 amene akuphunzira kumene zilembo, mukamupatsa kalembedwe kena mwamusokoneza. Ndifunika ndikhale ndi ufulu wokonza zimenezo, ndi kusintha mawu ena apo ndi apo, n'kugawira sukulu zinzathu. Ndi ND sindingathe.

Achimwene a ku Zomba: Zoona bambo. Ndipo si ku Zambia kokha. Mphunzitsi wa ku Mangochi angafune kuika m'Chiyao, wa ku Rumphi m'Chitumbuka, wa ku Tete angafune kuonjezera Chipwitikizi m'munsi. Kumasulira kumawerengedwa ngati kusintha, ndiye ND imatseka zonsezo. Pa buku la ana ine ND sindiilimbikitsa.

NaPhiri (Dedza): ND ndamva, tiisiya. Koma NC ija ndiye komiti yanga idzaikonda. Amene akuti atibera aja mtima wawo ukhala pansi akamva kuti malonda aletsedwa.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Amayi, ndiloleni ndikutsutseni pang'ono mwaulemu. NC imaoneka yabwino koma imabweretsa mafunso ovuta. Mayi wa ku Chitipa wapeza kabuku kanu, alibe makina osindikizira. Wapita kwa mnyamata wa fotokope pa boma, mnyamatayo akuti ndisindikiza makope ambiri ndizigulitsa motchipa kwa makolo. Amenewo ndi malonda, NC yaletsa. Sukulu yolipiritsa fizi ikafuna kugwiritsa ntchito, anthu amayamba kutsutsana ngati ndi malonda kapena ayi. Mapeto ake anthu osamala malamulo amangolisiya bukulo, osasamala aja amatenga ndithu, NC kapena popanda NC. Komanso Wikimedia Commons, kumene kumasungidwa zithunzi ndi mawu a Wikipedia, salandira chinthu cha NC kapena ND.

Aphunzitsi opuma (Kasungu): Mwanawe, ndiye ukuti kampani yaikulu itenge zithunzi za ana a ku Dedza, isindikize pa pepala lonyezimira, igulitse m'mashopu a mu Lilongwe, anawo osalandira ngakhale pensulo?

Mnyamata wa ku Mzuzu: Ndi CC BY zikhoza kuchitika aphunzitsi, sindikana. Ayenera kungotchula maina a eni ake ndi kunena ngati asintha. Koma ndi BY-SA, akasintha kapena kumasulira, buku lawo latsopanolo liyenera kukhalanso lotseguka, aliyense akhoza kulikopera. Makampani ofuna kutsekera chinthu kuti adye okha sakonda zimenezo.

Achimwene a ku Zomba: Ine pano ndili pakati. Mnyamatayu akunena zoona pa mavuto a NC. Koma kumbukirani zija ndanena poyamba, kuti nthano za makolo zili ndi gawo lakelake m'lamulo pa nkhani ya malonda. Laibulale singapereke chilolezo pa chinthu chimene si chake. Chomwe ingatsegule ndi zithunzi ndi kalembedwe kake, osati nthanoyo payokha. Ndiye ngati a COSOMA sanakuyankheni momveka, NC ndi poyambira pabwino. Ndipo pali kanthu kena: mukayamba ndi NC mukhoza kudzamasula pambuyo pake n'kupita ku BY, koma mukayamba ndi BY simungabwerere kukamanga. NC sikuletsaninso inu eni ake kugwirizana mwapadera ndi wosindikiza amene akufuna kugulitsa, n'kulandira kangachepe kogulira mashelefu.

Achemwali a ku Joni: Pa African Storybook ndinaonamo timabuku tina ta NC, ndiye kumeneko sangakukanizeni.

Madamu a ku Chiradzulu: Ndachedwa kulowa, magetsi kunalibe. Ine ndimaphunzitsa ana osaona. Chonde mukamatulutsa kabukuko musangojambula masamba ndi foni n'kupanga PDF. Kwa mwana wanga chimenecho ndi chithunzi chabe, kompyuta singamuwerengere, ndipo ife kuti tiike m'zilembo za Braille timayamba kutaipa buku lonse pachiyambi. Tipatseni mawu otaipidwa, ngakhale mu Word momwemo. Pansi pa chithunzi chilichonse lembani chiganizo chimodzi chonena zimene zili pachithunzipo. Ndipo mawu a agogo ojambulidwa aja, kwa ana anga ndiwo buku lenilenilo.

Malawi analowa nawo mu pangano la Marrakesh la 2013, lomwe limathandiza kuti mabuku asandutsidwe m'njira zoti osaona awerenge popanda kuyamba kupempha kwa mwini buku. Koma pangano silitaipa buku. Wolemba akatipatsa fayilo yabwino kuchokera pachiyambi, ntchito ya mwezi imatha tsiku limodzi.

NaPhiri (Dedza): Madamu zikomo, zimenezi sindinaziganizireko n'komwe. Atsikana aja anataipa pa laputopu ya abusa, ndiye mafayilo alipo.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Pa laputopu ya abusa pokha? Amayi, kopani lero lomwe. Ife kuno tinaphunzira mowawa. Mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 anapita usiku umodzi. Mabuku ogula kunja ena anabwera atsopano, abwenzi anathandiza. Koma zolemba za kuno zomwe zinali kope imodzi yokha, zimenezo sizigulidwa kulikonse.

Ndipo Facebook musaiyese nkhokwe. Ndi bwalo lochezerapo basi. Tsamba likhoza kubedwa, kapena amene ali ndi pasiwedi akasamuka kapena kukangana ndi komiti, zonse zapita. Chimene munaika chaka chatha kuchipeza n'kovuta, ndipo munthu wofufuza pa Google nthawi zambiri sachiona. WhatsApp nayo imafinya zithunzi, mukadzafuna kusindikiza zimatuluka zosaoneka bwino. Potumiza zithunzi za anazo muzitumiza ngati dokyumenti. Kabukuko kaikeni pa African Storybook, mawu a agogo pa Internet Archive (nkhokwe ya pa intaneti yosunga mabuku ndi mawu), kope ina pa fulashi kunyumba kwa munthu wina osati mu laibulale momwemo. Pa Facebook muziikapo linki ndi chithunzi chimodzi chokopa anthu.

Achimwene a ku Zomba: Ndionjezere: bukulo likasindikizidwa, kope ipite ku National Archives kuno ku Zomba. Lamulo limafuna kuti zosindikizidwa m'dziko muno zizikasungidwa kumeneko, koma timabuku ta m'midzi tambiri sitifika. Muuze bungwelo kuti imeneyo ndi mbali ya mgwirizano.

Komabe Facebook tisainyoze kwambiri, ili ndi ntchito yake imene shelefu singagwire. Mu January 2008 Library of Congress ya ku America inaika zithunzi zakale masauzande angapo pa Flickr, tsamba la pa intaneti loikapo zithunzi, zambiri zopanda mbiri yokwanira. Anthu wamba anayamba kulemba m'munsi, uyu ndi wakuti, apa ndi pamalo pakuti, ndipo laibulaleyo inakonza zolemba zake potengera zimene anthuwo ananena. British Library inatsatira mu 2013 ndi zithunzi zoposa miliyoni imodzi zochokera m'mabuku akale. Phunziro lake kwa ife ndi loti owerenga amadziwa zinthu zimene wosunga mabuku sadziwa. Mayi Phiri mukaika nthano, funsani kuti kwanu amaimaliza bwanji? Mudzaona a ku Mchinji ndi a ku Nsanje akubweretsa mathero osiyana, nyimbo zosiyana. Zimenezo muzizikopera n'kusunga, mutapempha olembawo.

Achemwali a ku Joni: Koma nkhope za ana musamaike chonde. Ndimaona masamba a malaibulale ndi sukulu akuika ana, maina awo, ndi mudzi womwe. Ikani zojambula zawo, manja awo akulemba, basi.

Adimini: Mfundo imeneyo ndi ya tonse pagulu pano. Pano tilinso ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu la 2024. Ndipo chithunzi cha nkhope ya mwana musachiike pa chilolezo chotseguka ngakhale kholo litavomera kuti chikhale pa Facebook, ndi zinthu ziwiri zosiyana.

NaPhiri (Dedza): Nanga maina a ana ojambula? Paja BY ikufuna kutchula eni ake.

Achimwene a ku Zomba: Eni ake ndi amene amasankha mmene akufuna kutchulidwira. Mukhoza kulemba dzina loyamba lokha, kapena "ana a kalabu yowerenga ya laibulale yakuti". Agogo ambiri amafuna dzina lawo lonse limveke, afunseni. Ine ndingakonde dzina la gogo likhale pamwamba pa nthano iliyonse, chifukwa mabuku akale a nthano zathu ambiri ali ndi dzina la mmishonale kapena wofufuza pachikuto, amene anafotokoza nthanozo osatchulidwa.

Aphunzitsi opuma (Kasungu): Pamenepo tagwirizana. Tsono ndifunse za mabuku akalewo. Ndili ndi ena a nthawi ya atsamunda, mapepala akuyoyoka. Kodi amenewo laibulale ingawajambule n'kuika poyera?

Achimwene a ku Zomba: Zimatengera chaka chimene wolemba anamwalira, osati chaka chimene buku linatuluka. Kuno umwini umatha pakadutsa zaka 50 wolemba atamwalira. Mwachitsanzo dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre inatuluka 1892, mwini wake anamwalira 1907, ndiye ndi ya aliyense, ndipo ili kale pa Internet Archive. Koma buku la m'ma 1950 likhoza kukhala lotetezedwabe ngati wolemba anakhala ndi moyo mpaka m'ma 1990. Muonenso ngati kope muli nayoyo ndi yokonzedwanso pambuyo pake, chifukwa mawu oyamba atsopano ndi zithunzi zatsopano zili ndi eni akenso. Nditumizireni maina a mabukuwo kumbali, tiona limodzi.

Malume a ku Limbe: Ndiye kuti aphunzitsi kabuku kanu ka miyambi tidikire zaka 50 mutapita? Kkkk

Aphunzitsi opuma (Kasungu): Inu malume, gulani kope imodzi ndikadali moyo, mtengo wake ndi wa mabandulo awiri amene mumathera pa mpira.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Kkkk aphunzitsi mwawatha. Koma ndikupempheni chinthu. Wikipedia ya Chichewa ilipo koma nkhani zake n'zochepa kwambiri, ya Chitumbuka inaipitirira kutali. Anthu odziwa Chichewa chozama ngati inu ndi amene mukusoweka kumeneko. Chaka chilichonse kumakhala kampeni ya #1Lib1Ref, inayamba 2016, yopempha wosunga mabuku aliyense kuti aonjezere umboni umodzi wochokera m'buku pa nkhani ya pa Wikipedia. Bungwe la malaibulale a mu Africa la AfLIA, lomwe likulu lake lili ku Accra, limachititsanso sabata yake yotere. Kabuku kanu kakhoza kutchulidwa ngati gwero, anthu n'kudziwa kuti kaliko, popanda kukatsegula.

Aphunzitsi opuma (Kasungu): Kutchulidwa ndilibe nako vuto. Koma kulemba kwaulere kuti wina aliyense adzasinthe mawu anga usiku ndili mtulo, zimenezo ndiganize kaye.

Bambo a ku Chipata: Amayi a ku Dedza, funso lina. Kabukuko kadzakhala kolemera bwanji? Kuno makolo ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, linki ya kunja satsegula.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Kuno n'chimodzimodzi bambo. Pangani mitundu iwiri: wolemera wosindikizira, ndi wopepuka woyenda pa WhatsApp, nthano imodzi fayilo imodzi. Koma mawu a chilolezo ndi maina a eni ake akhale m'kati mwa fayilo iliyonse, osati mu uthenga wotumizira, chifukwa fayilo ikadutsa m'magulu atatu uthenga uja umatsala m'njira. Kwa malaibulale opanda intaneti kulinso Kiwix, imasunga Wikipedia pa kompyuta kapena foni n'kumawerenga popanda bandulo. Zimenezi zimatheka chifukwa cha chilolezo chomwe tikukambachi.

NaPhiri (Dedza): Abale mwandithandiza. Komiti ikumana Lachinayi. Ndikawauza kuti tiyambe ndi makalata a makolo ndi agogo, kenako tikhale ndi amfumu tisankhe nthano zotuluka. A COSOMA ndiwalembera mawa. Pa chilolezo ndikapereka ziwiri, BY-NC ndi BY-SA, asankhe okha atamva ubwino ndi kuipa kwake, ngakhale ndikudziwa kale kumene apendekere. Bungwe lija ndiliuza lidikire, ndipo likadzasindikiza litipatse makope a laibulale yathu, a agogo aliyense, ndi a ku Zomba.

Aphunzitsi opuma (Kasungu): Muonjezere kuti asakonze Chichewa cha agogo popanda kukufunsani. Anthu a m'maofesi amakonda kuchotsa mawu amene iwo sakuwadziwa n'kuikapo a m'tauni.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Aphunzitsi, mukatsegula ndiye kuti mwalola kusintha, bola anene kuti asintha.

Aphunzitsi opuma (Kasungu): N'chifukwa chake ine sindinavomerebe zonse. Koma bungwe limene laimba foni lija likhoza kuuzidwa pakamwa, lili ndi makutu.

Achimwene a ku Zomba: Zonse ziwiri n'zotheka. Kope yoyambirira ikhale pamalo odziwika kuti aliyense athe kuyerekeza. Ndipo chilolezo cha 4.0 chimalola eni ake kuuza wosinthayo kuti achotse dzina lawo ngati sakukondwa ndi zimene wachita. Mayi Phiri, kalata ya makolo ndikulemberani usiku uno m'Chichewa, tsamba limodzi. Madamu a ku Chiradzulu muioneko ngati mbali ya mawu ojambulidwa ndaiika bwino.

Madamu a ku Chiradzulu: Tumizani, koma mu Word, osati chithunzi.

Adimini: Ikatha muiponye pagulu pano, ena a ku Mulanje ndi ku Nkhotakota andifunsa kale kumbali kuti nawonso akuifuna. Achimwene a ku Zomba, kalatayo mwaiika pa chilolezo chanji?

Achimwene a ku Zomba: Kkkk imeneyo CC0, tengani musinthe mmene mungafunire, ngakhale dzina langa musatchule. Mungosintha dzina la laibulale ndi la mudzi, musakapereke kwa makolo a ku Mulanje kalata yonena za Dedza.